Kodi Chimene Chafufutidwa pa Kompyuta Chimafafanizikadi?

Pakati pa mafunso onse amene makina a masiku ano abweretsa kwa anthu, ndi ochepa amene amakhudza munthu wamba ndi woweruza milandu mofanana monga ili lakuti: munthu akafufuta kalata, chithunzi kapena kaundula wa ndalama pa kompyuta, chinthucho chimapita kuti? Funsoli lingaoneke lachabe kwa iye amene sanatayepo kanthu, komatu limasautsa mlembi amene wadilita mosadziwa ntchito ya miyezi yambiri, limasowetsa tulo mbala imene ifuna kubisa mapazi ake, ndipo liyenera kudetsa nkhawa yense wogulitsa kompyuta kapena foni yake yakale kwa munthu amene samudziwa. Anthu agawikana pawiri pa nkhaniyi. Alipo amene amakhulupirira kuti akadilita fayilo ndi kukhuthula Recycle Bin, basi madzi atayika ndipo saolekanso. Aliponso ena, amene anamvapo mbiri ya apolisi a kunja, onena kuti m'kompyuta mulibe chimene chimafa, ndi kuti ngakhale munthu ataifomata kangati, akatswiri a boma adzavumbulutsa zonse. Mbali iliyonse yagwira kachigawo ka choonadi, ndipo iliyonse yasokera, pakuti yankho lenileni lagona pa mtundu wa chosungira chimene chili m'makinamo, pa zimene zinachitika kufufutako kutachitika, ndiponso pa malo ena amene makope a chinthucho anafikako mwini wake osadziwa.

Mbale zimene zimasunga zolembedwa

Hard drive yoyamba inatuluka m'chaka cha 1956 ku kampani ya IBM, itakonzedwa mumzinda wa San Jose ku California ndi gulu limene analitsogolera Reynold Johnson. Inali ndi mbale 50, iliyonse yotambalala mainchesi 24, inkalemera pafupifupi tani yathunthu, koma zonse zimene inkatha kusunga zinali zilembo pafupifupi 5 miliyoni, malo amene lero chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pa foni zingawadzaze. Pofika 1980 kampani ya Seagate inali itapanga ina yosunga 5 MB imene inkakwana m'kompyuta ya pa tebulo, ndipo masiku ano zilipo zosunga kupitirira 20 TB. Kukula kwasintha modabwitsa, koma nzeru yake ya pachiyambi ikadali yomweyo.

M'kati mwa kabokosi kachitsulo kaja muli mbale zosalala za aluminiyamu kapena galasi, zopakidwa kansalu kopyapyala ka zinthu zomvera maginito, zimene zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi iliyonse; ndipo pamwamba pa mbale iliyonse pamayandama kamutu kakang'ono kowerenga ndi kulemba, kamene sikakhudza mbaleyo ayi, koma kamauluka pa kampweya kochepa kwambiri kotero kuti kachitsotso kosaoneka ndi maso kangathe kukapunthwitsa. Kamutuko kakamalemba, kamatembenuza maginito a timadontho ta pa mbale kuloza uku kapena uko, ndipo kusiyana kumeneko ndiko kompyuta imawerenga ngati 0 ndi 1. Timadonthoti timakhala mmene tasiyidwira ngakhale magetsi atazima zaka zambiri. Mbale yonse inagawidwa m'tizigawo totchedwa sector, kale ta mabayiti 512 ndipo pa zatsopano ta mabayiti 4,096, ndipo kachigawo kalikonse kali ndi nambala yake.

Apa mpamene pali mfundo imene nkhani yonseyi yatsamirapo. Pa mbale yotere palibe malo opanda kanthu, ndipo hard drive ilibe chofufutira. Dontho lililonse liyenera kuloza mbali ina, ndiye kuti njira yokhayo yochotsera chimene chinalembedwa ndiyo kulembapo china pamwamba pake.

Chimene chimachitika munthu akadilita

Kuti kompyuta idziwe pamene fayilo iliyonse yagona pakati pa tizigawo mamiliyoni ambirimbiri, imasunga kaundula wolongosola dzina la fayilo, kukula kwake, tsiku limene inalembedwa ndi manambala a tizigawo timene yakhalapo. Tingayerekeze ndi buku limene nyakwawa alembamo minda ya anthu ake: mwini munda akasamuka, nyakwawa amangokhwatcha dzina lake m'bukumo ndi kunena kuti malowo ndi osowa mwini, koma chimanga chimene chinabzalidwa chimaimabe m'mundamo kufikira tsiku limene mlimi wina adzapatsidwe malowo ndi kuwagalauza. Kudilita ndi kukhwatcha dzina chabe. Zolembedwazo zimatsala pa mbale, mwina ola limodzi, mwina zaka, malinga ndi mmene kompyuta ifunira malo atsopano.

Pa dongosolo lakale lotchedwa FAT, limene likugwirabe ntchito pa mafulashi ndi makadi ambiri a m'makamera, chimene chimachitika ndi chaching'ono zedi: chilembo choyamba cha dzina la fayilo chimalowedwa m'malo ndi chizindikiro cha E5, ndipo tizigawo take timalembedwa kuti ndi taufulu. Ndicho chifukwa chake pulogalamu ya Unerase, imene Peter Norton anayamba kugulitsa m'chaka cha 1982, inkafunsa munthu kuti aikumbutse chilembo choyamba cha dzina lotayikalo, ndipo akatero fayilo inkabwerera yamphumphu. Dongosolo la NTFS, limene Windows inayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 1993, lili ndi kaundula wamkulu wotchedwa Master File Table, koma nalonso limangoika chizindikiro chakuti mzere wakutiwakuti sukugwiranso ntchito. Amisiri sanachite zimenezi mwa ulesi kapena mwachinyengo; anaona kuti kulemba pamwamba pa fayilo yaikulu kumatenga nthawi yofanana ndi imene inatengedwa poilemba, ndipo palibe munthu akanalola kudikira mphindi zambiri nthawi zonse akataya kanthu.

Kufomata nakonso kuli mitundu iwiri, ndipo ambiri sadziwa kusiyana kwake. Kufomata kwachangu kumangolemba kaundula watsopano wopanda mayina, zonse za pa mbale n'kutsala. Kufomata kwathunthu, kuyambira pa Windows Vista kupita mtsogolo, kumalemba ziro pa kachigawo kalikonse. Ngakhale kaundula atatheratu, katswiri sasowa pogwira, pakuti mitundu yambiri ya mafayilo imayamba ndi chizindikiro chake chodziwika: chithunzi chilichonse cha JPEG, mwachitsanzo, chimayamba ndi FF D8 FF, ndipo pulogalamu monga PhotoRec imayenda kachigawo ndi kachigawo kufunafuna chizindikirocho, ikachipeza n'kudula zimene zikutsatira ndi kuziika padera. Mayina ndi masiku zimatayika m'njira imeneyi, ndipo fayilo imene inamwazikana m'malo ambiri imatuluka yoduka, mwina nkhope ili theka ndipo kunsi kwake kuli mizere yotuwa. Koma zambiri zimabwerera.

Umboni wakuti zimenezi si nkhambakamwa unaperekedwa m'chaka cha 2003 ndi Simson Garfinkel ndi Abhi Shelat, amene panthawiyo anali ophunzira pa MIT ku America. Iwo anagula ma hard drive akale 158 m'masitolo ndi pa intaneti. Mwa amenewa 129 ankagwira ntchito, ndipo 12 okha ndi amene anali atayeretsedwa moyenera. M'otsalawo anapezamo makalata a anthu, zolemba zachipatala ndi manambala a makadi a ku banki oposa 5,000, ndipo imodzi inali yochokera m'makina otapira ndalama. Nkhaniyi itikhudza ife kuno kwathu mwapadera, pakuti makompyuta ambiri amene ali m'maofesi ndi m'nyumba zathu ndi a kaunjika, anafika ali ndi mbiri ya eni ake oyamba, ndipo nawonso adzachoka m'manja mwathu ali ndi yathu.

Mmene zofufutidwa zinasandukira mboni

Edmond Locard, amene anatsegula nyumba yopimira umboni ya apolisi mumzinda wa Lyon ku France m'chaka cha 1910, anaphunzitsa kuti wochita choipa sachoka pamalo osasiyapo kanthu kapena kutengapo kanthu. Iye ankanena za fumbi, tsitsi ndi ulusi wa malaya, koma chiphunzitso chakecho chinadzakwanira bwino pa makina amene iye sanawaone. Bungwe la FBI linayamba ntchito yopima makompyuta m'chaka cha 1984, ndipo pasanapite nthawi dziko linaona mphamvu yake. Pa mlandu wa Iran-Contra m'chaka cha 1986, Oliver North ndi anzake anafufuta mauthenga ambirimbiri pa makompyuta a ku White House, osakumbukira kuti makope ake ankasungidwa pa matepi padera. Ofufuza anakawatenga kumeneko. Taonani kuti apa panalibe luso lodabwitsa lililonse, koma kope limene wofufutayo analiiwala, ndipo kufikira lero umboni wambiri umapezeka m'njira yomweyi.

Mlandu umene umatchulidwa kawirikawiri ndi wa Dennis Rader wa mumzinda wa Wichita ku Kansas, amene anapha anthu 10 pakati pa 1974 ndi 1991 ndipo anakhala zaka zambiri osadziwika, akutumiza makalata onyoza apolisi. Mu 2005 anafunsa apolisiwo ngati angathe kumulondola atawatumizira uthenga pa floppy disk, ndipo iwo anamuyankha kudzera m'nyuzipepala kuti asade nkhawa. Disikiyo itafika, anapezamo chikalata cha Microsoft Word chimene chinali chitafufutidwa, ndipo m'kati mwake, m'malo amene pulogalamu imalembamo zake mwakachetechete, munali dzina la mpingo wa Christ Lutheran Church ndi dzina lakuti Dennis. Munthuyo anali wapampando wa khonsolo ya mpingowo, ndipo anamangidwa pa 25 February 2005. Mlandu suwola. Komabe tisaiwale kuti disikiyo inangoloza chala; chimene chinatsimikiza apolisi asanamugwire chinali kupima kwa DNA.

Kwathu kuno nkhani ya Cashgate ya mu 2013 inaonetsa mbali yomweyi. Lipoti la kampani ya Baker Tilly ya ku Britain, limene linatuluka mu February 2014, linanena za ndalama zoposa K13 biliyoni zimene zinasowa pakati pa April ndi September 2013, ndipo njira imodzi imene inagwiritsidwa ntchito inali kulemba macheke kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, kenaka n'kufufuta zolembazo m'makina a boma osungira maakaunti otchedwa IFMIS. Koma cheke chikatapidwa chimasiya mbiri yake ku banki, kumene dzanja la wofufutayo silifika.

Ngakhale moto suwononga nthawi zonse. Chombo cha m'mlengalenga cha Columbia chitasweka mu February 2003, hard drive yake ya Seagate inatoledwa pansi ku Texas itapserera, ndipo akatswiri a kampani ya Kroll Ontrack, atatsuka mbale zake ndi kuziika m'makina ena, anapulumutsa pafupifupi zonse zimene asayansi analembamo.

Mkangano wa kulemba pamwamba

Ngati kudilita sikuchotsa kanthu, ndipo mankhwala ake ndi kulemba pamwamba, funso lotsatira ndi lakuti munthu alembe kangati kuti zakale zisaonekenso. Ndipo pa funso limeneli akatswiri akhala akukangana kwa zaka zambiri.

Mbali yoyamba inaima pa pepala limene Peter Gutmann wa pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand anawerenga pa msonkhano wa USENIX m'chaka cha 1996. Iye anafotokoza kuti kamutu kolemba sikaponda ndendende pamene kanaponda kale, ndi kuti dontho limene linali 1 lisanalembedwenso silifanana kwenikweni ndi limene linali 0. Motero munthu wokhala ndi makina oonera mphamvu ya maginito pa tinthu tating'onoting'ono akhoza, mwa kulingalira, kuwerenga mthunzi wa zimene zinalipo kale. Pofuna kutseka mpata umenewu, anakonza njira yolemba maulendo 35, oyamba 4 ndi omaliza 4 a manambala osatsata dongosolo, ndi 27 a pakati olinganizidwa molingana ndi njira zosiyanasiyana zimene ma hard drive a nthawi imeneyo ankalembera. Pambali pa njirayi panafalanso ina ya maulendo 3 imene anthu amaitchula ndi dzina la buku la malamulo la unduna wa zachitetezo wa America, DoD 5220.22-M, ndipo mapulogalamu ambiri oyeretsera amaikabe zonse ziwiri pa mndandanda wawo.

Mbali yachiwiri imati zonsezi ndi kutaya nthawi. Daniel Feenberg analondola maumboni amene anatchulidwa m'pepala lija ndipo anapeza kuti panalibe ngakhale umodzi wosonyeza fayilo yeniyeni itabwezedwa pambuyo pa kulembedwa pamwamba. Mu 2008 Craig Wright, Dave Kleiman ndi Shyaam Sundhar anafalitsa zotsatira za kuyesa kwawo, zosonyeza kuti pa hard drive yogwiritsidwapo ntchito mwayi wodziwa dontho limodzi lakale umangoposa theka pang'ono, kumene kuli pafupifupi kungolota. Ndipo popeza chilembo chimodzi chimafuna madontho 8 olondola motsatizana, mwayi wa chilembocho sufika ngakhale 1 pa 100, nanji tsamba lathunthu. Gutmann anatsutsa kayesedwe kawo, koma iye mwini anali atawonjezera kale mawu kumapeto kwa pepala lake, odandaula kuti anthu anasandutsa maulendo 35 aja ngati mwambo wa matsenga osamvetsa chifukwa chake, ndi kuti pa ma hard drive atsopano, amene madontho ake anathithikana koposa, maulendo ochepa ndi okwanira. Bungwe la miyezo la boma la America, NIST, m'malangizo ake a SP 800-88 amene anatuluka mu 2006 ndi kukonzedwanso mu 2014, linavomereza kuti pa ma hard drive a masiku ano kulemba kamodzi pa malo onse kumaletsa ngakhale ofufuza a m'nyumba zopimira. Tingaonjezepo nkhani ya tepi ya Richard Nixon, pulezidenti wa America wa nthawi imeneyo, ya pa 20 June 1972, imene mphindi zake 18 ndi theka zinafufutidwa: osunga mbiri a boma la America analengeza mu 2003 kuti akatswiri amene anayesedwa luso lawo sanasonyeze kuti angathe kubweza mawuwo.

Chimene chikudziwika, tsono, ndi chakuti palibe amene anaonetsapo poyera fayilo yobwezedwa pa hard drive yamakono italembedwa pamwamba ngakhale kamodzi. Chimene chimatsalabe pa mkangano ndi chakuti mabungwe a ukazitape salengeza zimene angathe, ndipo okayika amafunsa chifukwa chimene maboma amalamulira kuti zosungira za zinsinsi zawo ziziphwanyidwa. Zoonadi, pa 20 July 2013 akonzi a nyuzipepala ya The Guardian ku London anaphwanya makompyuta amene munali zikalata zachinsinsi zimene Edward Snowden anaulula ndi zopukusira ndi zoboolera, akatswiri a GCHQ, bungwe la ukazitape la boma la Britain, akuyang'anira. Koma lamulo lotere lili ndi zifukwa zina zomveka bwino kuposa mthunzi wa maginito. Hard drive ikaona kuti kachigawo kena kayamba kufooka, imakapatula mwakachetechete ndi kugwiritsa ntchito kena m'malo mwake, ndipo pulogalamu wamba yoyeretsera sifikanso pa kopatulidwako ngakhale italemba maulendo 100. Kuonjezera apo, wantchito angathe kuiwala, kapena kunama kuti wayeretsa. Mbale yoperedwa ndiyo yokha imene woyang'anira angaitsimikize ndi maso. Kuweruza kwathu ndi kwakuti mbali yachiwiri ndiyo ili ndi umboni, ndipo munthu wodikira masiku angapo kuti maulendo 35 athe akungotopetsa makina ake.

Pamene mbale zinalowedwa m'malo

Zonse zimene tanenazi ndi za mbale zozungulira, koma makompyuta ambiri atsopano, pamodzi ndi mafoni onse, amasunga zinthu pa tizipangizo ta flash, timene nzeru yake inachokera kwa Fujio Masuoka wa kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Chosungira chotere, chimene m'kompyuta chimatchedwa SSD, chilibe kanthu kozungulira, ndipo khalidwe lake latembenuza nkhani yonse. Pa flash sizitheka kulemba pamwamba pa kachigawo kamodzi popanda kuyamba wafafaniza chigawo chachikulu chimene kali m'kati mwake, ndipo malo aliwonse amatha mphamvu akafafanizidwa maulendo ochuluka. Chifukwa cha ichi, m'kati mwa SSD muli kaubongo kake kamene kamamwaza zolembedwa kuti malo onse azitha mofanana, ndipo kali ndi malo ena apadera amene kompyuta siwaona n'komwe. Munthu akalamula kuti fayilo yakutiyakuti ilembedwe pamwamba, kaubongoko kamalemba zatsopanozo pena, zakale n'kutsala pamene zinali. Ofufuza a pa yunivesite ya California ku San Diego anaonetsa mu 2011 kuti njira zoyeretsera fayilo imodzi zimene zimagwira ntchito pa mbale zimalephera pa SSD, ndi kuti ena mwa ma SSD amene anawayesa ankanena kuti afafaniza zonse pamene sanatero.

Chodabwitsa n'chakuti chosungira chomwechi, chovuta kuyeretsa mwadala, chimadziyeretsa chokha mosapemphedwa. Kuyambira pa Windows 7 mu 2009, kompyuta imatumiza lamulo lotchedwa TRIM louza SSD malo amene sakufunikanso, ndipo iyo imawafafaniza pa nthawi yake pokonzekera zolemba za mtsogolo. Graeme Bell ndi Richard Boddington a pa yunivesite ya Murdoch ku Australia anachenjeza mu 2010 kuti SSD ingathe kuwononga umboni ikangolandira magetsi, ngakhale ili pa tebulo la wapolisi. Motero wodilita molakwitsa pa laputopu yatsopano nthawi zambiri sapezanso kanthu, pamene wodilita zithunzi pa fulashi kapena pa memori kadi, zimene kawirikawiri sizilandira TRIM, amakhala ndi mwayi ndithu.

Njira imene yapambana pa zosungira zotere ndiyo kusokoneza zolembedwa zonse ndi kiyi wachinsinsi kuyambira tsiku loyamba, kuti pa tsiku lotaya makinawo pangofunika kuwononga kiyiyo, zotsala zonse n'kukhala manambala opanda tanthauzo. Mafoni a iPhone ndi a Android a masiku ano amachita zimenezi munthu akawabwezera mmene anachokera ku fakitale. Akale sankatero, ndipo mu 2014 kampani ya Avast inagula mafoni 20 a Android ogwiritsidwapo ntchito n'kubwezamo zithunzi zoposa 40,000.

Zimene mboni imeneyi singathe kunena

Wofufuza wodziwa ntchito yake satsegula kompyuta ya woganiziridwa ndi kuyamba kusakatula, pakuti kungoiyatsa kokha kumasintha mafayilo ambirimbiri. Amachotsa chosungira, amachilumikiza kudzera pa kachipangizo koletsa kulemba, amakopera kachigawo kalikonse kuyambira koyamba kufikira komaliza, ndipo ntchito yonse amaichitira pa kopelo. Kuti bwalo likhulupirire kuti kope ndi lofanana ndi chiyambi chake, amawerengera chidindo cha masamu chotchedwa hash, chimene pa njira ya SHA-256 chimakhala mzere wa zilembo ndi manambala 64, wosinthiratu ngati dontho limodzi lokha lasintha. Njira zakale zinapezeka ndi chilema, MD5 mu 2004 ndi SHA-1 mu 2017, pamene akatswiri anaonetsa kuti n'zotheka kupanga mafayilo awiri osiyana okhala ndi chidindo chimodzi. Pamwamba pa izi pamalembedwa aliyense amene anagwirapo chosungiracho, tsiku ndi ola, kuchokera pamene chinalandidwa kufikira m'khoti.

Lamulo lakale linali lakuti wapolisi azule chingwe cha magetsi akangofika. Lero ambiri amatsutsa, popeza makina olokedwa ndi kiyi wachinsinsi akazima mwina sadzatsegukanso. Ndicho chifukwa chake mu October 2013 a FBI anamgwira Ross Ulbricht, mwini msika wobisika wa Silk Road, m'laibulale ku San Francisco laputopu yake ili chitsegukire. Koma kugwira makina oyaka ndi kusintha umboni, ndipo malire a kusintha kololeka akukambidwabe.

Chachikulu koposa n'chakuti kompyuta imachitira umboni zimene makina anachita, osati munthu amene anakhala pa mpando. Wotchi yake ikhoza kulakwa kapena kusinthidwa, pasiwedi ikhoza kudziwika ndi banja lonse kapena ofesi yonse, pulogalamu yoipa ikhoza kuika mafayilo mwini wake osadziwa, ndipo zida za ofufuza nazonso zimaphonya. Pa mlandu wa Casey Anthony ku Florida mu 2011, bwalo linauzidwa kuti tsamba lina lonena za mankhwala a chloroform linatsegulidwa maulendo 84. Pulogalamu ina inali itasonyeza ulendo umodzi wokha, ndipo John Bradley, mwini pulogalamu imene inatulutsa 84, ataunikanso anavomereza kuti chiwerengero choona chinali 1. Woweruza wanzeru salandira mboni imodzi yotere popanda inzake yoivomereza. Malawi ili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndi la Data Protection Act la 2024, koma lamulo pa pepala limafuna apolisi, maloya ndi oweruza odziwa kufunsa mmene kope linatengedwera ndi amene analisunga.

Zoyenera kuchita

Wotaya fayilo mwangozi aleke pomwepo kugwiritsa ntchito chosungiracho, asaikepo pulogalamu yobwezera mafayilo, ndipo zimene zabwezedwa azisunge pena, pakuti chilichonse chatsopano chimene chalembedwa chingagwere pa malo a chimene akuchifunacho. Hard drive imene yayamba kulira mogogoda izimitsidwe, isatsegulidwe pa tebulo wamba pamene pali fumbi. Koma nkhanga zinapangana kusanapse: kope lachiwiri losungidwa pa chosungira china, ndi lachitatu kutali ndi nyumba kapena ofesi, limaposa katswiri aliyense.

Wofuna kugulitsa kapena kupereka makina ayambe wadziwa chimene chili m'kati mwake. Ngati ndi mbale, alembe pamwamba pa malo onse kamodzi, kapena agwiritse lamulo la Secure Erase limene linamangidwira m'chosungiramo. Ngati ndi SSD kapena foni, atsimikize kuti zinali zolokedwa ndi kiyi wachinsinsi asanazibwezere mmene zinachokera ku fakitale, ndipo achotse memori kadi. Maginito amphamvu amene amapha mbale alibe mphamvu pa flash. Chosungira chakufa chimene sichingalembedwenso chiboolede kapena chiphwanyidwe, ndipo pa SSD tizipangizo take tonse tisweke. Ofesi imene ipereka ntchitoyi kwa ena ifune umboni wolembedwa wa chosungira chilichonse: mu September 2022 banki ya Morgan Stanley inalipitsidwa madola 35 miliyoni ndi bungwe la SEC ku America, kampani yosamutsa katundu imene inaitumira itagulitsa ma hard drive osayeretsedwa, pa mlandu wokhudza makasitomala pafupifupi 15 miliyoni. Ndipo inu amene mukuyeretsa foni yanu lero, kumbukirani kuti chithunzi chimene munatumiza pa WhatsApp chili m'foni ya amene munamutumizirayo, ndipo kumeneko batani lanu silifikako.